Kafupa ka pabondo kanabwerera m'malo mwake, nanga n'chifukwa chiyani mwana akuopabe kugwada?

M'masabata apitawa talandira makalata atatu ochokera m'maboma a Salima ndi Nkhotakota, ndipo onse akufunsa za vuto limodzi, lomwe ndi kuguluka kwa kafupa ka pabondo, kaja kobulungira komwe ena amati chivindikiro cha bondo ndipo m'mabuku a zachipatala kamatchedwa patella. Makalatawa tawafupikitsa pang'ono ndipo mayina a eni ake tawasunga. Ndiyamba ndi kalata ya mayi wa ku Khombedza, ndipo ndichedwapo ndithu, chifukwa funso lawo ndi limene limasowa woliyankha m'zipatala zathu, momwe mzere umakhala wautali koma nthawi yochepa.

FUNSO: Adokotala, ndine mayi wa ana anayi. Mwana wanga wachiwiri ndi mtsikana wa zaka 15 ndipo ali Fomu 2. Miyezi isanu ndi itatu yapitayo, akusewera ntchemberembaye kusukulu, anadumpha kuti awakhe mpira, ndipo potera n'kutembenuka anagwa pansi akukuwa. Anzake akuti kafupa ka pabondo kanali kataima pambali, kunja kwa mwendo, ndipo pamene aphunzitsi ankamuwongola mwendo kuti amunyamule kanabwerera kokha. Kuchipatala anamujambula, anati palibe fupa limene lathyoka, anamuika chikhakha kwa masabata angapo, ndipo atachichotsa anatiuza kuti wachira. Chichokereni tsiku limenelo kafupako sikanagulukenso. Koma mwana wanga sali monga analili. Mpira anasiya, kumjigo amabwera ndi ndowa yosadzaza, ndipo akamapereka madzi kwa akuluakulu amangowerama osagwada, moti apongozi anga akuti mwanayu wayamba mwano. Bambo ake akuti ndi ulesi chabe, poti achipatala anati anachira. Ine ndikamuyang'ana ndimaona ngati akuopa chinachake. Kodi ndimukhulupirire, kapena ndikumulekerera? Mayi wodera nkhawa, Khombedza, Salima.

YANKHO: Mayi, mukhulupirireni mwana wanu. Zonse mwalembazi, kuyambira ndowa yosadzaza mpaka kuwerama m'malo mogwada, ndi zizindikiro zodziwika bwino za bondo limene linasiya kutupa koma silinabwerere mwakale, ndipo palibe chilichonse mwa izo chimene chikundionetsa ulesi kapena mwano. Achipatala sananame pamene anati fupa silinathyoke. Komatu kusathyoka kwa fupa si kuchira kwa bondo, ndipo kuti mumvetse bwino ndiyenera kukuonetsani kaye zimene zinachitika m'kati mwa mwendo tsiku limene anagwa lija.

Kafupa ka pabondo kanakhazikika m'kati mwa mtsempha waukulu umene umachokera ku minofu ya kutsogolo kwa ntchafu n'kukamangirira pa fupa la m'munsi mwa bondo, ndipo munthu akamapinda ndi kuwongola mwendo, iko kamatsetsereka chokwera ndi chotsika m'kangalande kamene kali kunsonga kwa fupa la ntchafu. Mbali ya m'kati mwa bondo, yoyang'anizana ndi mwendo unzake, kuli kachingwe kolimba komwe kamagwira kafupaka kuti kasathawire kunja, monga momwe chingwe chimagwirira mbuzi kuti isalowe m'munda mwa eni. Madokotala amakatchula mwachidule kuti MPFL. Pafupifupi nthawi zonse kafupaka kakaguluka kamapita kunja kwa mwendo, monga momwe anzake a mwana wanu anaonera, ndipo kuti kafike kumeneko kachingwe kaja kamayenera kung'ambika kapena kutamuka kwambiri. X-ray imaonetsa mafupa, koma kachingwe kotere sikaoneka. Kupola kamapola, koma kawirikawiri kamapola kali kokhwepa, ndipo mwini bondo amamva kukhwepako ngakhale tonse a pakhomo sitikuona kanthu.

Si zodabwitsa kuti zinamuchitikira pa ntchemberembaye. Lamulo la masewerawa silola wosewera kukoka phazi limene waterera, choncho phazi limakhala litamatirira pansi pamene thupi lonse likutembenuka kufuna womupatsira mpira, ndipo bondo likakhala lopindika pang'ono n'kugwera m'kati, kafupa kaja kamakankhidwira kunja kwa ngalande yake. Zomwezo zimachitika pa fulaye, pa mpira wa miyendo ngakhale pa magule. Vutoli limagwira kwambiri ana a zaka za pakati pa 10 ndi 19, ndipo atsikana ndi amene limawapeza kawirikawiri.

Kwa zaka zambiri ife achipatala tinkayeza kuchira ndi funso limodzi lokha: kodi kafupako kagulukanso? Ngati yankho linali lakuti ayi, tinkati zatheka. Ofufuza ena a ku America anaganiza zowatsatira anthu amene kafupa kawo kanaguluka kamodzi kokha, osachitidwa opaleshoni ndiponso osagulukanso, anthu omwe m'mabuku athu timawalemba kuti anachira. Zotsatira zake zinatuluka mu 2017, ndipo zinaonetsa kuti patatha zaka zoposa zitatu, pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa anayi alionse ndi amene anabwerera ku zochita zake zakale popanda chomuletsa. Atatu enawo ankayenda bwinobwino pamsewu, koma anali atasiya china chake chimene ankachikonda kapena ankachichita mosamala ngati oponda pa mazira. Mwana wanu ali m'gulu lalikululi, si kuti ndi wachilendo.

N'chifukwa chake masiku ano pali mafomu a mafunso omwe wodwala amayankha yekha. Lodziwika kwambiri linalembedwa ku Finland mu 1993 ndi Urho Kujala ndi anzake, ndipo lili ndi mafunso 13 okhudza kutsimphina, kukwera masitepe, kunyonyomala, kuthamanga, kudumpha, kukhala nthawi yaitali mawondo atapinda, kutupa ndi kuwonda kwa ntchafu, malikisi ake n'kumathera pa 100. Lina linachokera ku Banff m'dziko la Canada, ndipo ilo limafunsanso za mantha, za kukhumudwa ndi za kusiya kucheza ndi anzako. Mafomuwa ndi abwino, koma analembedwera anthu a m'mayiko omwe moyo wawo ndi wosiyana ndi wathu. Mwana wa ku Khombedza amafuna zambiri kwa bondo lake kuposa mwana wa ku Helsinki, likulu la Finland. Amagwada popereka moni ndi popereka madzi, amanyonyomala pophika, potsuka mbale ndi m'chimbudzi chokumba, amasenza ndowa ya malita 20 panjira ya mchenga, ndipo nyengo yowokera mpunga amakhala m'matope momwe phazi limatitimira thupi likutembenuka. Munthu akanyonyomala mpaka pansi, kafupa ka pabondo kamapanikizika ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake lonse kangapo, ndipo akagwada pa simenti thupi limatsamira pafupi ndi kafupa komweko. Tsono zimene apongozi anu akuziona ngati mwano ndi ntchito yolemetsa kwambiri imene bondo lovulala lingapatsidwe.

Pali funso lina limene ndikupemphani kuti mumufunse muli awiriwiri, bambo ake kulibe: kodi kusukulu amatha bwanji za kuchimbudzi? Atsikana ena a vutoli amadzimana madzi akumwa kuyambira m'mawa mpaka poweruka kuti asakanyonyomale, ndipo m'nyengo yotentha ya kunyanja kuno zimenezi zimabweretsa litsipa ndi kusamvetsera m'kalasi. Mwana sangayambe yekha kunena zoterezi.

Za mantha amene mukuwaonawo, maso anu sakukunamizani. Tikamayeza bondo lotere timamugoneka mwana chagada, n'kupinda mwendo wake pang'ono, kenaka n'kukankhira kafupa kaja kunja pang'onopang'ono ndi chala chachikulu. Nthawi zambiri ululu usanayambe n'komwe, nkhope ya mwanayo imasintha, ntchafu imakungika yokha, ndipo dzanja lake limathamangira kugwira dzanja la womuyezayo. Thupi limakumbukira zimene linaona. Kuonjezera apo, bondo likatupa ndi magazi monga zimakhalira tsiku lovulala, minofu ya ntchafu imafooka mwansanga, ndipo masabata a m'chikhakha amaifotetsa kwambiri. Sindikudzudzula amene anaika chikhakha, chifukwa zomangira bondo zotha kumasula sizipezeka m'zipatala zambiri za kuno, koma tsiku lochotsa chikhakha limayenera kukhala tsiku loyamba mafizo, osati tsiku lotsanzikana. Ntchafu yofooka imachititsa kuti bondo lizipindika lokha mwadzidzidzi potsika chitunda, mantha amakula, mwana amasiya kuugwiritsa ntchito mwendowo, ndipo ntchafu imapitiriza kufota.

Mukhoza kudzionera nokha madzulo ano. Mukhazikeni chotambalala pamkeka, mutenge kachingwe, muyeze masentimita 10 kuchokera pamwamba pa kafupa ka pabondo kukwera kuntchafu, ndipo pamenepo muzungulize kachingweko n'kumanga mfundo. Mukatero muyezenso mwendo winawo pamalo ofanana. Ndikukhulupirira kuti mupeza kuti ntchafu ya mwendo wovulala ndi yoonda. Kachingwe kameneko mukawaonetse bambo ake ndi apongozi anu, chifukwa ulesi suwondetsa mwendo umodzi n'kusiya unzake.

Chosangalatsa n'chakuti minofu imabwerera ikaphunzitsidwa, ngakhale patapita miyezi isanu ndi itatu, ndipo zipangizo zake muli nazo kale pakhomo. Poyambira, akhale chotambalala, aike chitenje chopindapinda pansi pa bondo, akunge ntchafu ngati akufuna kuphwanya chitenjecho ndi kumbuyo kwa bondo, awerenge mpaka 10 ndipo amasule. Abwereze kakhumi, katatu pa tsiku. Akazolowera, agone chagada, apinde mwendo wabwino, ndipo azikweza mwendo wovulala uli chiwongokere. Kenaka agone cham'mbali n'kumakwezera mwendowo m'mwamba, chifukwa minofu ya m'chiuno ndi imene imaletsa bondo kugwera m'kati, ndipo ambiri amaiwala zimenezi n'kumangolimbana ndi ntchafu yokha. Pakatha masabata angapo ayambe kudzuka pampando ndi kukhalanso pang'onopang'ono osagwira kanthu, kuima ndi mwendo umodzi pamene akutsuka m'kamwa, ndi kukwera pa njerwa imodzi n'kutsika mofatsa, akuonetsetsa kuti bondo likuloza kumene chala chachiwiri cha phazi chikuloza. Kupalasa njinga panjira yosalala, chishalo chili chokweza, kumathandiza kwambiri. Lamulo lake ndi ili: kupweteka pang'ono kumene kumatha pofika m'mawa si koopsa, koma bondo likatupa ndiye kuti wapyola muyeso ndipo abwerere pa sitepe ya m'mbuyo. Ntchitoyi imafuna miyezi itatu kapena kuposerapo, ndipo ndi bwino kuti wa mafizo ayambe wamuona kuti amukonzere ndondomeko yomuyenera.

Kugwada nakonso kumaphunziridwa. Ayambe pa matiresi kapena pa bulangete lopinda kanayi, kwa kamphindi kochepa, akutsamira kwambiri bondo labwino. Pakadali pano, apempheni agogo ake mwaulemu kuti amulole kupereka moni atakhala pansi chotambalala, kapena atagwada ndi bondo limodzi. Akuluakulu athu si ouma mtima akauzidwa zoona zake. Chimene chimawapweteka ndi kuganiza kuti mdzukulu wawapeputsa. Ndipo kumjigo, ndowa ya theka maulendo awiri ndi yabwino kuposa yodzaza ulendo umodzi.

Musanayambe zonsezi, bwererani naye kuchipatala cha boma lanu, mutenge kabuku kake ka kuchipatala, ndipo mupemphe kuonana ndi wa mafupa. Dziko lathu lakhala likuphunzitsa makilinikala ofisala a za mafupa kuyambira mu 1985, ndipo iwo ndi amene amasenza ntchito yaikulu ya mafupa m'zipatala za m'maboma. Muwauze mosabisa ngati bondo limatupa mobwerezabwereza, ngati limakanirira osafuna kuwongoka, kapena ngati mwana amamva kanthu kakuyendayenda m'kati. Pamene kafupa kakuguluka ndi kubwerera, nthawi zina kamabenthula kachidutswa ka chikuto choyera chosalala chija chimene timachiona kunsonga kwa fupa la nkhuku, ndipo kachidutswa kotero sikaoneka nthawi zonse pa X-ray yoyamba. Zikatero mafizo paokha sakwanira, ndipo amafunika kutumizidwa ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima, kuti akajambulidwe ndi makina a MRI. Muwauzenso ngati ululu umamudzutsa usiku, ngati thupi limatentha, kapena ngati m'chiuno mumapweteka, chifukwa zimenezo zimaloza ku matenda ena.

Sindikubisirani za m'tsogolo. Ofufuza a ku Mayo Clinic ku America anatsatira anthu mazana angapo amene kafupa kawo kanagulukapo, ndipo anapeza kuti m'zaka 10 zoyamba ndi ochepa kwambiri amene anadwala nyamakazi ya bondo, koma pofika zaka 25 anali pafupifupi theka. Chiopsezo chinali chachikulu kwa amene kafupa kanaguluka mobwerezabwereza ndi amene chikuto chija chinaonongeka. Mwana wanu adzakhala ndi zaka 40 nthawi imeneyo, ali pakati pa ntchito ndi kulera. Zimene muchite chaka chino kuti ntchafu ilimbe ndi kuti kafupa kasagulukenso ndi zimene zili m'manja mwanu.

FUNSO: Adokotala, ndine mnyamata wa zaka 17, ndili Fomu 4. Kafupa ka bondo langa lamanja kanaguluka koyamba ndili ndi zaka 14 tikusewera mpira, kachiwiri chaka chatha, ndipo kachitatu mwezi wathawu ndikungotsika pa kabaza. Achemwali anga aakulu nawonso zinawachitikirapo. Amalume anati si zabwinobwino kuti anthu awiri a mimba imodzi adwale mofanana, ndipo anapita nane kwa asing'anga komwe ananditema mphini. Panopa ndimamanga bandeji tsiku lililonse, anzanga amanditcha agogo, ndipo ndinasiya kupita kugalaundi ngakhale kukaonerera. Ndamva kuti pali opaleshoni. Kodi ingandithandize, ndipo ndingadzasewerenso? Mnyamata wa ku Dwangwa, Nkhotakota.

YANKHO: Mphwanga, nkhani yako ndi yosiyana ndi ya mtsikana wa ku Khombedza uja, ndipo yankho langa nalonso likhala losiyana. Kafupa kakaguluka kamodzi, nthawi zambiri timayamba ndi mafizo. Kakaguluka katatu, ndipo kachitatuko n'kukhala pa chinthu chaching'ono ngati kutsika pa kabaza, ndiye kuti nthawi yokambirana za opaleshoni ndi dokotala wa mafupa yakwana. Kafukufuku wina wa ku California amene anatuluka mu 2004 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse omwe kafupa kanaguluka koyamba, 17 ndi amene vuto linawabwerera, pomwe mwa omwe zinawachitikirapo kale anali 49. Ulendo uliwonse kafupa kakaguluka, chikuto chosalala chija chimakhulika, ndipo sichiphukanso monga khungu.

Amalume ako anaona chinthu choona, kuti vutoli lili m'banja mwanu, koma chifukwa chake ndi chibadwa cha mafupa. Monga momwe ana a mimba imodzi amafanana mphuno ndi kayendedwe, amathanso kufanana mawondo. Ena amabadwa ndi kangalande kosaya, moti kafupa kamakhala ngati kali pa mbale yafulati. Ena kafupa kawo kanakhala m'mwamba kwambiri ndipo kamachedwa kulowa m'ngalande bondo likamapinda. Ena ali ndi mawondo ogundana, kapena mitsempha yofewa thupi lonse, oti chala chachikulu cha kudzanja amatha kuchipinda mpaka kukhudza mkono. Ofufuza a ku Mayo Clinic anapeza mu 2013 kuti mwa ana omwe anali ndi ngalande yosaya ndiponso mafupa awo anali akukulabe, pafupifupi 7 mwa 10 alionse kafupa kanawagulukanso. Iwe unayamba uli ndi zaka 14, pa msinkhu womwewo. Uwafotokozere amalume mwaulemu, chifukwa anachita zimenezo pokukonda, koma mphini zisapitirire. Sizifika kumene kuli vuto, zikhoza kulowetsa kafumbata ndi matenda ena kudzera pa lezala, ndipo dokotala sangachite opaleshoni pakhungu limene lili ndi zilonda.

Opaleshoni imene imachitika kwambiri pa vutoli ndi yomanganso kachingwe ka m'kati kaja. Amatenga kamtsempha kena kumbuyo kwa ntchafu yako yomwe n'kukamangirira pakati pa kafupa ka pabondo ndi fupa la ntchafu. Kwa ena amafunikanso kusuntha pamene mtsempha waukulu unamangirira m'munsi mwa bondo, koma zimenezo amadikira kuti mafupa asiye kukula, zomwe kwa anyamata zimachitika cha m'ma zaka 16 mpaka 18. Kwa anthu a mbiri ngati yako, opaleshoniyi imachepetsa kwambiri kuguluka, ndipo ambiri amabwerera ku masewera. Koma ndikufuna umve bwino chinthu chimodzi. Ku Sweden anagawa ana 74 a zaka 9 mpaka 14 m'magulu awiri kafupa katangoguluka koyamba: ena anawasoka kachingwe kong'ambikako, ena anangowamanga bondo ndi kuwachititsa mafizo. Zotsatira za mu 2018 zinaonetsa kuti patatha zaka ziwiri, kafupa kanagulukanso kwa 22 pa 100 alionse mwa ochitidwa opaleshoni ndi kwa 43 pa 100 alionse mwa enawo, koma anawo atafunsidwa momwe bondo likuwatumikirira, a opaleshoni sanapose anzawo aja. Mpeni umakhazika kafupa m'malo mwake, koma mphamvu ndi kulimba mtima zimachokera ku miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo ya mafizo imene imatsatira. Ngati sungadzipereke pa miyezi imeneyo, opaleshoni idzakukhumudwitsa.

Njira yake ndi kuyambira kwa wa mafupa pachipatala cha boma ku Nkhotakota, amene angakulembere kalata yopita nayo ku Lilongwe, komwe pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central pali chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chimene chinatsegulidwa mu 2023. Ku Blantyre kuli Queen Elizabeth Central komanso Beit CURE, chomwe chakhala chikuthandiza ana a mavuto a mafupa kuyambira mu 2002, ndipo popeza chithandizo chaulere kumeneko ndi cha ana, usazengereze poti uli kale ndi zaka 17. Uwauze madokotala za mayeso ako a MSCE kuti mukonze nthawi yosasokoneza sukulu, chifukwa masabata oyamba udzayendera ndodo. Mafizo amene ndafotokoza pamwambapa uyambe tsopano, popeza ntchafu yolimba imachira msanga ikachoka ku opaleshoni. Bandeji ya tsiku lililonse siingaletse kafupa kuguluka. Imangokukumbutsa kuti usamale, ndipo ukaimanga mothina imatupitsa phazi.

Chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yako ndi chakuti unasiya kupita kugalaundi ngakhale kukaonerera. Bwerera, mphwanga, ngakhale kukangokhala pambali ndi kuchemerera, chifukwa kudzipatula kumadwalitsa mtima ndipo mtima wodwala sulimbikira mafizo. Mwai Kumwenda anaduka mtsempha wa m'kati mwa bondo mu 2018 akusewera ntchemberembaye m'timu ya Melbourne Vixens ya ku Australia. Kunali kuvulala kosiyana ndi kwako, koma nayenso anachitidwa opaleshoni ndi kukhala miyezi yambiri kunja kwa bwalo, ndipo mu 2020 anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa masewera otsiriza a ligi ya ku Australia.

FUNSO: Ndine mphunzitsi woyang'anira zamasewera pasukulu ina ya sekondale yoyendera. Zoterezi zikachitika pabwalo, ndichite chiyani tisanafike kuchipatala, ndipo ndingadziwe bwanji kuti mwana wakonzeka kubwerera m'timu? Mphunzitsi, Chipoka, Salima.

YANKHO: Aphunzitsi, choyamba imitsani masewera ndipo ana ena atalikire, chifukwa mwana wochita mantha ndi manyazi amakunga ntchafu, ndipo ntchafu yokungika imagwira kafupa kunja komweko. Mulankhuleni mofatsa, muchirikize mwendo ndi manja awiri, ndipo ngati akulola mumuthandize kuuwongola pang'onopang'ono, chifukwa nthawi zambiri kafupa kamabwerera kokha mwendo ukawongoka. Musakoke mwendo, musamenye kafupa ndi chibakera, ndipo kakakana musalimbane nako. Mangani mwendo momwe uliri ndi makatoni kapena timatabwa ndi zitenje n'kuthamangira kuchipatala. Pabondo ikanipo chozizira chokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, ngakhale mafilizesi a pakantini, ndipo musalole kuti amuthowe ndi madzi otentha kapena kumutikita m'masiku oyamba, popeza m'kati mumakhala mukutuluka magazi. Ngakhale kafupa katabwerera ndipo mwana akuti ali bwino, asabwerere m'bwalo tsiku limenelo ndipo akajambulidwe. Mukaona kuti mwendo wonse wapotoka pabondo, phazi lazizira kapena lachita dzanzi, imeneyo ndi ngozi ina yoopsa kwambiri imene ingadule mtsempha wa magazi, ndipo ola lililonse ndi lofunika.

Za kubwerera m'timu, musawerenge masiku okha, ngakhale kuti kawirikawiri sizichitika miyezi itatu isanathe. Bondo likhale losatupa, lopinda ndi kuwongoka mofanana ndi linzake. Kenaka jambulani mzere pansi, mwana adumphe ndi mwendo umodzi kupita kutsogolo n'kutera pa mwendo womwewo osagwedezeka, ndipo muyeze mtunda wa miyendo yonse iwiri; mwendo wovulala ufike magawo 9 mwa magawo 10 a mtunda wa mwendo wabwino. Imani kutsogolo kwake pamene akutera ndipo muone ngati bondo likugwera m'kati. Pomaliza mufunseni ali yekha ngati akulikhulupirira bondo lake, ndipo akazengereza kuyankha mupatseni mwezi wina woyeserera kuthamanga, kuima mwadzidzidzi ndi kutembenuka popanda wolimbana naye. M'miyezi yodikirayi mupatseni wezulo kapena kope lolembamo zigoli, kuti tsiku la masewera azipezeka pabwalo pamodzi ndi anzake.